Mankhwala Oitana Njala

Nditafika ku Cape Town ndinapeza ntchito yotsuka makola a mbewa zoyera pamalo ena ofufuzira mankhwala. Mbewazo ankazibaya mankhwala oyeserera, onamiza thupi kuti m'mimba mulibe kanthu. Mbewa yoti yakhuta kale inkathamangiranso chakudya ngati yagona ndi njala.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Kraaifontein, ndinawafotokozera anzanga akumudzi za ntchitoyi. Anaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Ife tinathawa njala kwathu, inu n'kumakaipanga kuntchito?" anatero mmodzi. "Ndiponso mukunenepetsa ndiwo zoti simudya!"

Ine sindinaseke nawo, ndipo manyazi ndinalibe. Ndinawakumbutsa kuti kwathu tikapita kukazonda wodwala sitiyamba n'kufunsa dzina la matenda. Timafunsa kuti, "Akudya koma?"

Achimwene anga ndinawadwazika ndekha. Ufa unalipo, shuga analipo, koma phala linkazizirira m'mbale iwo atayang'ana kukhoma.

Kaya mankhwalawo adzafika kwa anthu kaya ayi, sindikudziwa, ine ndinangowaonera pa mbewa. Koma munthu amene anaimitsapo supuni pakamwa potseka sangaseke mankhwala oitana njala.