Chulu cha Amayi

Kumapeto kwa munda wathu, kufupi ndi mishoni ya Guilleme, kudali chulu chachitali kuposa nyumba. Chidali cha amayi. Anthu a m'tauni amaseka ndikanena zimenezi, ati chulu chingakhale bwanji ndi mwini. Koma kwathu aliyense ankadziwa kuti ichi n'cha auje, icho n'cha auje, ndipo kutola ngumbi pachulu cha mnzako osapempha kudali kuba basi. Amayi adachilandira kwa amayi awo pamodzi ndi mundawo.

Mvula yoyamba ikagwa, amayi ankachilambula, n'kuzika timitengo, n'kufolera ndi udzu, kusiya kakhomo kamodzi. Pakakhomopo ankakwirira mtsuko mpaka m'khosi. Ngumbi zikatuluka zinkathamangira kuwala kwa pakhomopo n'kumagwera mumtsuko. Ife ana, agang'a, asilikali a chiswe aja, ankatiluma zala mpaka magazi, koma tinkapirira. Amayi ankazikazinga, kuziyanika, kupeta mapiko, ndipo ndiwo zinkatifikitsa pa mondokwa. Chulu chomwecho chinkatipatsanso bowa wa utale, waukulu ngati lichero. Bambo atamwalira, ndicho chidatilera. Ndipo mayi aliyense wa m'mudzi akabwera ndi mbale yake, sankabwerera chimanjamanja.

Matipate atabwera, achimwene anga oyamba kubadwa adayamba geni ya kumalire. Ankapalasa njinga kupita ku Chipata ndi shuga, kubwerako ndi zitenje. Ndalama itangowazolowera pang'ono, adagula magalasi akuda n'kuyamba kuona mudzi wathu ngati wa anthu ogona. Adati amanga golosale ya njerwa zowotcha m'mbali mwa msewu.

"Amayi," adatero tsiku lina, "dothi labwino la njerwa lili pachulu paja. Likungowonongeka."

"Likuwonongeka bwanji? Iwe udakula ukudya chiyani?"

"Zinthu zasintha, amayi. Ino ndi demokalase. Tidzakhalira kudya tizilombo mpaka liti? Golosale ikayamba, muzidzadya nyama tsiku ndi tsiku."

Amayi adakana kwamtuwagalu. Achimwene sadatsutse, adangodikira. Amayi atapita kumaliro a mchemwali wawo ku Mlonyeni, iwo adabwera ndi aganyu, makasu ndi zikombole. Ine ndidalipo, namwali wamkulu kale. Ndidakuwa, ndidatukwana, ndidagwira khasu la mmodzi wa aganyuwo. Achimwene adangoti, "Iwe khala chete, za chitukuko sungazimve." Adakumba mpaka adapeza make wa chiswe, choyera chonenepa chija chimene chimaikira mazira, n'kuchiponyera nkhuku. Ankaopa kuti chikatsala, chiswe chidzawadyera mitengo ya denga.

Mpaka lero ndikakumbukira nkhuku zija zikulimbirana, mtima umandiwira. Chulu chija chidalipo azungu asadalembe malire, abambo amishoni asadaimike tchalitchi. Tizilombo topanda maso tidachimanga ndi malovu, kambulu ndi kambulu, mibadwo ndi mibadwo. Sichinkapempha feteleza, sichinkafunsa kuti uli chipani chanji. Ndiye munthu mmodzi wamagalasi akuda n'kuchifafaniza maliro a mchemwali wa amayi asadathe, n'kumati chitukuko! Kuyambira pamenepo, wina akandiuza mawu amenewa ndimayamba ndafunsa kuti chikugumulidwa n'cha yani.

Amayi atabwera adaima pamphepete pa dzenjelo, mtolo wawo ukadali pamutu. Adangofunsa kuti, "Mtsuko wanga uli kuti?" Udali utaphwanyidwa ndi khasu.

Golosaleyo idafika pa mawindo n'kuima. Geni idavuta, achimwene adakwera galimoto yaikulu ya katundu kulowera ku Zambia, ati akasake ndalama ya malata. Paja amati adziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Athuwa yawo idali ndi khomo, koma yopanda denga. Mbuzi ndizo zinkausamo.

Kenaka kudagwa njala ija ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Tinkadya gaga, ndipo gagayo ankasowanso. Mvula itagwa, ngumbi zidatuluka pazulu za ena. Amayi adatenga kambale n'kupita pachulu cha mayi wina woyandikana nafe, amene kale ankabwera kwathu ndi mbale chaka ndi chaka. Sadakhudze mtsuko wa eni, ankangotola zopulumukira pansi. Ine ndidali pambuyo pawo. Mayi uja adatulukira n'kunena kuti, "Amayi, chokanipo. Ana anga adya chiyani? Chanu mudaumbira njerwa."

Mayi ameneyo sindimuda, njala ilibe chibale. Koma ndidaona amayi anga, munthu amene ankagawira mudzi wonse, akukhuthula ngumbi zochepazo pansi n'kupepesa. Tidabwerera ndi kambale kopanda kanthu. Njalayo adaipulumuka, koma thupi silidabwererenso, ndipo patapita zaka zochepa adatisiya.

Achimwene maliro adawaphonya. Adatulukira nthawi yomanga chiliza, atavala nsapato zonyezimira. Adati amayi awo sangagone pamanda a dothi ngati munthu wopanda ana. Adagumula khoma la golosale ija, n'kututa njerwa pangolo kupita nazo kumanda. Adamanga bwino ndithu, adapaka ndi laimu yemwe. Anthu ankawayamikira kuti ndi mwana wodziwa ulemu.

Pochoka kumanda achimwene adandiyandikira. "Waona mlongo? Amayi tawagoneka pabwino."

"Mwachita bwino, achimwene," ndidawayankha. "Mwawabwezera chulu chawo. Nanga ngumbi zake mubwera nazo liti?"

Adapukuta fumbi pansapato n'kutsogola, ndipo kuchokera tsiku limenelo sitidadyerenso mbale imodzi.