Hatchi Yoyang'ana Kumanzere

Ndikukumbukira Lamlungu limene makina a masewera anabwera pabwalo lina ku Oadby. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nditangofika kumene ku Mangalande. Nyimbo zinali pwirikiti, fungo la anyezi wokazinga paliponse, chigudumu chachikulu chikukweza anthu kumwamba.

Ukalipira pachipata ankakudinda hatchi yofiira padzanja. Ukaionetsa, unkakwera chilichonse mpaka madzulo. Amayi anali ndi ndalama ya munthu mmodzi. Ife tinali awiri, ine ndi mng'ono wanga Limbani.

Nzeru inali yanga. Limbani atadindidwa tinazemba kuseri kwa lole. Ndinalavulira padzanja lake n'kukanikizapo langa. Hatchi inatuluka bwinobwino. Tinadumphadumpha ngati tapambana mpikisano.

Amayi anali pa shifiti, pabwalo pomwepo, akukankha njinga ya olumala ya a Solomoni, Myuda wokalamba amene ankamusamalira. Tikudutsa liwiro, mkuluyo anatikodola. Anagwira manja athu n'kuwaika pamodzi. Hatchi ya Limbani inayang'ana kumanja, yanga kumanzere. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, makutu anga n'kutentheratu.

Ndinati sindinabe kanthu, mipando ikungozungulira yopanda anthu. A Solomoni anaseka mpaka kutsokomola. Anati m'malamulo a Chiyuda, kugwiritsa ntchito chinthu cha mwini iye osadziwa ndi kuba, ngakhale asataye kalikonse. Anatinso kuli kuba kwina, kuba maganizo a munthu: mayi wa pachipata akhulupirira kuti ndalipira pamene sindinalipire.

"Koma mwini akalola, si kuba," iwo anatero. "Wamufunsa?"

Ndinkayesa andilipirira. Ayi ndithu. Anatulutsa mpango, anafufuta hatchi yanga, n'kuloza kuchipata.

Ndinapita. Chingerezi changa chinali chothyokathyoka, koma ndinanena zonse, ngakhale za malovu. Mayiyo anamvetsera. Kenaka anati Limbani akwere mpaka 3 koloko, abwere amufufute, adinde ine.

Maola awiri amene anatsala ndinawadikira nditakakamira mpanda. Itakwana nthawi ndinathamangira chigudumu. Chinandikweza mpaka ndinaona madenga a mzinda wonse wa Leicester, kuphatikizapo kumene ndinkati ndi kwathu ku Braunstone. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Pansi a Solomoni anali kadontho, akugwedeza mpango wa banga lofiira. Ndinakwera kasanu. Kachisanu ndinasanza, koma sindinadandaule.

Lero za zidindo zinatha. Zonse ndi makadi ndi foni, pachipata palibenso munthu woti umuyang'ane m'maso. Mwana wanga amafuna kulowera khadi langa ku jimu, malo olimbitsira thupi. Akuti makina sadziwa nkhope, aliyense amatero.

Ndimangomuuza kuti, "Kafunse kaye pa desiki."

Mpaka pano sanapite.