Ba Imelda Miti ndi Mawu Akuti "Ni Mutu Chabe"

Bambo Mfumu atandipempha kuti ndilembe moyo wa ba Imelda Miti m'kapepala ka parishi yathu ya ku Kabwata, ndinavomera msanga poganiza kuti ndipezamo nkhani ya chikondi. Mayi wokhala wamasiye zaka makumi atatu, ndinatero mumtima, ayenera kuti anasunga makalata, kapena duwa louma m'buku la nyimbo. Ndafunsa azimayi onse a m'gulu la Anna Woyera. Kalata kulibe, duwa kulibe. Chimene aliyense akukumbukira n'chakuti ankachedwetsa anthu pakhomo la tchalitchi.

Anabadwira ku Katete mu 1951, m'banja la katekisiti. Sukulu analekezera panjira kuti azisamala mayi awo amene anali atafa ziwalo. Mu 1970 anakwatiwa ndi ba Abson Miti, dalaivala wa galimoto ya boma, n'kubwera nawo ku Lusaka. Ndinafunsa mng'ono wa ba Imelda mmene awiriwa anakumanirana. Anandiyankha kuti, "Banakumana chabe." Mwaona zimene ndikulimbana nazo.

Analera ana asanu, kuwonjezapo awiri a malemu mchimwene wawo. Ba Imelda ankayamba tsiku ndi Misa ya m'mawa, kenako n'kusenza vitumbuwa ndi mazira owiritsa kupita nazo ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Loweruka lililonse ankachapa nsalu za paguwa ndi kuzisita.

Mu 1994 ba Abson anachotsedwa ntchito. Analeka kulankhula, kenako kudya, kenako kusamba. Ankangokhala pampando kuyang'ana khoma. Ba Imelda anapita nawo ku kiliniki, ndipo mukudziwa mwambo wathu: wodwala amakhala chete, woperekeza ndiye amayankha. Dokotala atafunsa vuto, ba Imelda anafulumira kuti amuna awo asanyozeke pamaso pa mlendo: "Ni mutu chabe." Anawapatsa mapiritsi a mutu. Anapitako katatu, ndipo katatu konse anayankha chimodzimodzi. M'mwezi wa Malichi chaka chotsatira, ba Abson anadzipha.

Parishi yonse inkati anamwalira ndi mutu. Amene anakana anali mkazi wawo yemwe, pamsonkhano wa mphakati, anthu akuyang'ana pansi. "Bamuna banga sibanafe na mutu," anatero. "Ni ulemu wanga unabapaya."

Kuyambira pamenepo anayamba kuima pakhomo Misa ikatha. Ukati uli bwino, sankakusiya dzanja. "Iyo ni yankho ya banthu. Manje nipase yanga." Kunena zoona, zinali zotopetsa. Abambo olemekezeka ankazembera khomo la kumbali. Ine tsiku lina anandigwira mphindi khumi zathunthu, mnyamata wina wa m'kwaya amene ndinamudikira sabata yonse akukwera minibasi ya ku Woodlands ine ndikuona. Ndinapita kukalapa chifukwa cha zimene ndinaganiza tsiku limenelo.

Chaka cha 2023 mkulu wanga Thandazani anabereka mwana wake woyamba, Abby, ndipo anabwera kudzakhala kwathu. Patapita milungu itatu sankafunanso kumugwira mwanayo. Akalira, iye ankatembenukira kukhoma. Mayi athu ankati, "Ni kulema chabe. Osatichititsa nsoni kwa bapongozi." Ine ndinaona zonse, ndipo ndinangokhala duu. Ndimadzikwiyirabe.

Ba Imelda anaona kuti Thandazani wajomba Misa katatu. Anafika kunyumba osaitanidwa, anakhala naye pang'ono, n'kutuluka kuuza mayi kuti, "Mailo tiyenda ku kiliniki." Mawa lake analidi pageti, atavala chitenje cha Anna Woyera.

M'kachipinda ka kiliniki tinalowa tonse anayi. Nesi, ba Kabwe, anafunsa Thandazani chimene chikumuvuta.

"Ni mutu chabe, sista," anayankha mayi.

Ba Imelda anaimirira n'kugwira mayi pamkono. "Bamake Thanda, tiyeni panja."

"Ine ndine amai bake."

"Ndiye chifukwa chake. Pamaso panu sangakambe, amakukondani maningi." Kenako anandiloza ine. "Na iwe wa chizungu chambili, choka. Wamene adwala ndiye akambe."

Tinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu. Mayi anatupa ndi mkwiyo, ba Imelda akupemphera kolona ngati palibe chimene achita. Zimene Thandazani ananena m'katimo anandiuza yekha pambuyo pake: kuti ankaopa kunyamula mwana wake, ndiponso kuti anali atayamba kuganiza kuti Abby angakule bwino iye kulibe. Ba Kabwe sanadzidzimuke. Anamuuza kuti matendawa amagwira azimayi ambiri akangobereka, ali ndi dzina, ndipo amachizika. Anamutumiza kwa dokotala ndi kwa mlangizi, ndipo anayamba kupitako kawiri pamwezi. Sanachire tsiku limodzi ngati m'mafilimu. Zinatenga miyezi, masiku ena zikubwerera m'mbuyo.

Mayi sanawapatse moni ba Imelda miyezi inayi, ndipo anauza azimayi anzawo kuti gogo uja amalowerera za m'nyumba za eni. Ba Imelda sanadziteteze. Ankangofunsa ine kuti, "Akumwa mankhwala? Akamba na munthu?"

Ba Imelda anamwalira Lachitatu masana, mu Juni chaka chino, kunyumba kwawo, atalandira sakramenti la odwala. Bambo Mfumu atawafunsa mmene akumvera, anati, "Niyopa, Bambo, koma pang'ono chabe." Anapempha kuti atsegule zenera, anamvera ana awo akuyimba, n'kugona kolona ili m'manja. Mayi anga ndi amene anathandiza kusambitsa thupi, ndipo analira kuposa tonse.

Nditamaliza kulemba, ba Nicodemus, wapampando wa komiti ya kapepalaka, anandibwezera mapepala atalembalemba ndi bolopeni yofiira. Anati mawu akuti "anadzipha" ndichotse, ngakhale ana a ba Abson anavomera okha kuti alembedwe, ndipo m'malo mwa dzina la mkulu wanga ndilembe "mtsikana wina". Munthu tamuika m'manda sabata yatha yomweyi, ndipo tayamba kale kuyankhira odwala.

Ndinapita nawo mapepalawo ku Chelstone, kumene Thandazani amakhala ndi mwamuna wake. Ndinamupeza akudyetsa Abby phala, mwanayo ali pamwendo. Anawerenga ndi dzanja limodzi mpaka kumapeto.

"Dzina langa usachose," anatero. "Uikepo na namba yanga ya foni. Kuli bena bazafuna kuziba kuti ni chitseko chiti."

A komiti alola dzina, nambala akana. Ili ku ofesi ya parishi, mukafunse kwa mlembi. Chitsekocho, ku kiliniki kuja, ndi chachitatu kumanzere mukadutsa pamene amayezera ana sikelo. Ambuye awalandire ba Imelda mu mpumulo wawo, pamodzi ndi ba Abson.