Mmene Achimwene Anabwerera ku Umwana

Ndili Fomu 3, amayi anapeza ntchito ya unamwino ku Ulaya. Anawauza kuti akhoza kutenga ana awo, ndipo ine tsiku lomwelo ndinayamba kuwerenga Chingelezi mokweza kuseri kwa khitchini. Vuto linali achimwene. Anali ndi zaka 24, ndevu, njinga ya kabaza, dimba la mpunga, kanyumba kawokawo kumapeto kwa bwalo, ndiponso chibwenzi ku Naisi. Lamulo linkati mwana wopita ndi kholo asafike zaka 18. Wamkulu akanamuganizira pokhapokha patakhala umboni wakuti sangathe kudzisamalira.

"Nanga ndinamubala ndine kapena iwowo?" anafunsa amayi. "Kwathu kuno wosakwatira ndi mwana, ngakhale amere imvi."

Achimwene ankafunitsitsa kupita. Ankati akakakhazikika adzaitanitsa mtsikana wa ku Naisi uja. Ndiye tinaitana amalume, omwe ndi mkulu wa mpingo ku Mishoni ndipo sasowa yankho.

"Alongo, musavutike," anatero. "Azunguwo sangakhulupirire pepala lokha. Atumiza munthu adzafunse anansi, monga timachitira tikafuna kudziwa khalidwe la mkamwini. Ife tikonzeretu mudzi."

Achimwene anameta ndevu, anakabisa njinga kwa mnzawo ku Domasi, n'kusamutsira mphasa yawo pabalaza. Amayi anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti mlendo akadzafunsa, anthu adzanene kuti mnyamatayo sathandiza kanthu. Anansi anavomera mwachangu kwambiri.

"Apa ndiye sitivutika, anamwino," anatero mayi wa zitumbuwa wa pamsewu.

Ine ndinalemba m'buku langa kuti bodza ndi tchimo. Pansi pake ndinawonjezera kuti ndege ndikufuna tikwere tonse.

Loweruka lina ndili pamjigo, panatsika bambo wina m'minibasi. Anavala jekete ndi nsapato zopolisha, kachikwama kukhwapa. Atangotchula dzina la achimwene, amayi onse anatula zidebe. Ine ndinamupatsa moni m'Chingelezi. Anandiyang'ana modabwa, koma ndinaganiza kuti ndi mmene amachitira anthu a m'maofesi.

"Ndimati ndimveko za mnyamatayu," anatero. "Amalima?"

"Amene uja? Khasu amaliona ngati njoka!" anayankha mayi wa zitumbuwa.

"Koma ndinamva kuti ali ndi dimba."

"Dimba ndi la amake, bambo. Mbalame zikatera pampunga amayamba kuthawa ndi iyeyo."

"Mpaka lero amamuchapira," anatero wina.

"Kudwala chimfine chokha, kulira mudzi wonse kumva!"

Bamboyo anapukuta thukuta. Apo ndi pomwe nkhalamba ina, imene inakangana ndi achimwene nkhani ya malire a dimba, inaimitsa njinga yake. Inati siikonda miseche, koma mphasa ya mnyamatayo imayanikidwa m'mawa uliwonse, ndipo chifukwa chake anthu akuchidziwa.

"Agogo, pamenepo mwapitirira," ndinatero.

"Mwanawe, tikuthandiza banja lanu," anayankha.

Mlendoyo sanafike n'kunyumba komwe. Anawoloka msewu n'kukwera minibasi yobwerera. Madzulo amayi anapha nkhuku, amalume n'kupemphera pemphero lalitali lothokoza.

Mawa lake titangoweruka ku tchalitchi, tinapeza mtsikana wa ku Naisi ataima pabwalo pathu, maso ali psuu. Sanalole kukhala pampando.

"Amalume anga anabwera dzulo kudzafufuza za inu," anauza achimwene. "Akuti sangapereke mwana wawo kwa khanda. Zoona mumayanika mphasa?"

Tonse tinayang'ana amalume athu. Ndi iwo amene anakafunsira mbeta ku Naisi nthawi yokolola, n'kukatama mphwawo kuti ndi mlimi wosatopa. Anaiwala kuti akuchikazi nawonso adzafuna kudzionera okha.

Yankho la ku ofesi yopereka zilolezo za ulendo linabwera pambuyo pake pafoni ya amayi. Anangoona chaka chobadwa basi. Ine anandilola, achimwene anawakana, ndipo palibe munthu amene anatumidwa kudzafunsa aliyense. Ndinalira, chifukwa ndinali nditawasankhira kale mpando wa pawindo.

Amayi anayambanso khomo ndi khomo, kupempha kuti mbiri ya mwana wawo ibwerere. Ulendo uno anansi sanafulumire.

"Tinene ziti tsopano, anamwino? Zijazi zinali zosavuta kukumbukira."

Akuchikazi anati mawu a anthu a kwathu awakwana. Ngati mnyamatayo ndi mwamuna, akaumbe njerwa za nyumba yaukwati kwawo komweko, iwo akuona. Sabata yomwe ine ndi amayi tinkalongedza zikwama, ndinawapititsira achimwene mbatata ku Naisi. Ndinawapeza matope mpaka m'mawondo, ndevu zitayamba kuphukanso. Bambo wa jekete uja anakhala pamthunzi wa mango, ndipo achimwene akangowongola msana ankafuula kuti, "Watopa, mwanawe? Tiitane amako?"

Achimwene ankangodzaza chikombole china.