Ndere za M'dzenje la Njerwa

Ku Uyole kuli mkulu wina, womutcha Babu, amene anapuma ntchito yoyeza magazi kuchipatala. Masiku ano amayeza madzi. M'mawa uliwonse amatunga madzi obiriwira m'dzenje lakale la njerwa, n'kuika dontho limodzi pamakina oonera tinthu tating'ono, foni ataimangirira pomwepo ndi mphira. Amajambula ndere, timipira tobiriwira togubuduzika pang'onopang'ono, tina tili ndi tiana m'kati. Amakonda kunena kuti, "Chimene diso silinaone, pakamwa pasachitchule."

Chaka chino malungo atavuta, anthu anagwirizana zokwirira dzenjelo. Ndere zamtunduwu sizipezeka kwina kulikonse pafupi, ndipo Mama Tumpale, woyandikana naye nyumba, anamumvera chisoni.

"Babu, wamakina ndinu. Mungonena kuti mulibe mphutsi za udzudzu, tikusiyireni timipira tanuto. Angakutsutseni ndani?"

Mkuluyo anakana.

"Zilimo, mwanangu. Zimenezo sizifuna makina n'komwe."

Loweruka anafika ndi khasu anthu asanasonkhane. Anatunga botolo limodzi, n'kuliimika pamthunzi, kenako dothi loyamba anaponya ndi iyeyo.