Chimbuya cha Amake Isaac

Ku Mtendere mukafunsa za Cathrine Jere, anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma nenani kuti Amake Isaac, atelala a pakhonde la kuseri kwa msika, ngakhale wogulitsa makala akulozerani. Mayiwa anabadwira m'komboni momwemo. Bambo awo anachokera ku Ntcheu ali mnyamata kudzaphikira azungu, ndipo kwawo sanabwererenso, anangosiyira ana awo dzina ndi kunyadira Ungoni. Sukulu Amake Isaac anailekezera giredi naini bambowo atamwalira, osati chifukwa cha mutu, ayi, mutu unalipo ndithu. Kuyambira pamenepo makina osokera ndi amene anawalera, ndipo makina omwewo analera ana awo atatu. Mayunifomu a theka la ana a m'deralo anadutsa m'manja mwawo.

Nyumba yoyandikana ndi yawo inali ya Nsofwa, amene onse ankawatchula kuti Bana Mwango, Mbemba wa ku Luanshya wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija. Awiriwa ankatunga pampopi umodzi, ndipo zovala za salaula zazikulu kwambiri zinkapita kwa Amake Isaac kukachepetsedwa. Koma chimene chinawamanga kwambiri chinali chimbuya.

Kwa amene simukudziwa: Mbemba ndi Mngoni ndi ambuya. Akuti makolo awo atatopa kulasana anagwirizana kuti nkhondo yotsalayo ikhale ya pakamwa basi. Mngoni amanena Mbemba kuti ndi wakuba ndiponso wodya anyani, Mbemba amabweza kuti Mngoni ndi wodya mbewa. Pamaliro kapena pachisangalalo mbuya amathira mnzake ufa kumutu, anthu n'kuseka. Wokwiya ndiye chitsiru. Tsono Amake Isaac anali katswiri wa zimenezi.

"Bana Mwango, bisani manja, nayanika vovala!" ankakuwa m'mawa.

"Awe, mbuya, nani angabe masanza ya mudya mbeba?" ankabweza anzawowo, komboni yonse n'kufa nazo.

Vuto lake chimbuya chili ngati chitenje, chimabisa zambiri. Amake Isaac anali ndi nsanje, nsanje yeniyeni yowotcha pachifuwa, ndipo palibe ankaiona chifukwa inkatuluka itavala nthabwala.

Inayamba ndi ana. Isaac ndi Mwango, mwana wamkazi wa Bana Mwango, anakulira limodzi, kalasi imodzi, ndipo chaka chilichonse Isaac ndiye ankatsogola. Onse anasankhidwa kupita ku yunivesite. Koma taonani mmene dziko limayendera! Mwango ankagona konko ku sukulu, n'kumabwera Loweruka lokha akuyenda ngati nduna. Isaac anapempha malo ku hositelo osawapeza, choncho ankayenda wapansi m'mawa ndi madzulo, nsapato zikudyeka chidendene. Amake Isaac anali ndi yankho lawo: malume ake a Mwango, a Chisala, ankagwira ntchito ku yunivesiteko. Ntchito yake inali yosesa m'makonde a maofesi, koma kwa mayiwa ofesi ndi ofesi.

Chaka chachitatu cha ku yunivesite zinthu zinathina. A Blackson, bambo ake a Isaac, anachotsedwa ntchito yaulonda, fizi inakwera, ndipo makina okha sakanatha. Lamulo la pasukulupo linali louma ngati fupa: amene sanamalize gawo lalikulu la fizi, m'chipinda cha mayeso asapondemo. Isaac anali m'gulu limenelo. Akapanda kulemba, chaka chonse chikanapita m'madzi, ndipo panyumbapo panalibe mphamvu zomubwezera kukayambiranso.

Nthawi yomweyo ndi imene Mwango anaima pa chisankho cha pulezidenti wa bungwe la ophunzira. Zimene ankalonjeza zinali zomveka. Ankati wophunzira alembe mayeso ngakhale fizi isanathe, sukulu izingosunga zotsatira mpaka atamaliza. Ankati mayina a opatsidwa malo ku hositelo azikhomedwa poyera pamodzi ndi chifukwa chake, kuti nkhani za kuseri zithe. Ankafunanso kuti akuluakulu afotokoze kumene kumapita tindalama tambirimbiri towonjezera pa fizi. Akuluakuluwo anali atavomera kuti za mayesozo akhoza kuzimva, bola zibwere ndi bungwe latsopano. Wopikisana naye, mnyamata wina wa nsapato zowala dzina lake Mathews, ankalonjeza madansi ndi mayunifomu a timu ya mpira.

"Mami, Mwango akawina, nizalemba," anatero Isaac tsiku lina akutsuka mbale. "Akaluza, kulibe."

Mayi wina akanagwada n'kupempherera mtsikanayo. Amake Isaac anamva ngati awaponda pachilonda. Mwana wawo, wanzeru uja, moyo wake ukhale m'manja mwa mwana wa wogulitsa salaula? Ha! Chowawa kwambiri, Isaac ndiye ankamata zithunzi za Mwango m'makoma. Ankatapa ufa wa m'nyumba mwawo, kuphika phala lomatira, n'kumayenda ndi chidebe komboni yonse. Kulikonse kumene mayiwa ankayang'ana, pa thiransifoma, pa mpanda wa tchalitchi, ngakhale pa khoma loyang'anana ndi makina awo, Mwango ankawamwetulira.

Kenako Bana Mwango anabwera ndi nsalu yatsopano.

"Mbuya, mumusokele mwana jekete ya kampeni. Koma musadyeko nsalu, nimiziba imwe ba kum'mawa."

"Nsalu munaiba kuti?" anafunsa Amake Isaac, onse n'kuseka.

Anaisoka jeketeyo, ndipo anaisoka bwino, chifukwa manja awo sadziwa kuwononga ntchito ngakhale mtima utafuna. Koma ulusi ankaudula ndi mano mokwiya, mpaka wogulitsa tomato wapafupi anafunsa ngati akudwala dzino.

Loweruka loti chisankho chili Lachitatu, Mwango anabwera kudzalankhula ndi ophunzira amene amachita lendi m'Mtendere. Alipo ambiri, othithikana m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za anthu. Anasonkhana masana pabwalo la pafupi ndi msika, ndipo azimayi a pamsika anatseka mabenchi awo kudzaonerera. Mwango anakwera pa tebulo atavala jekete ija. Isaac anaima pansi, atasenza sipika paphewa.

Mtsikanayo analankhula, abale, osati masewera. Ophunzira ankawomba m'manja, azimayi akuimba nthungululu. Amake Isaac anaima kumbuyo akumva zonse.

"Bana Mwango, mwabala!" anatero mayi wina.

"Uyu azankala minisita," anawonjezera wina.

"Nanga uja wanyamula sipika ni wa ndani?"

"Kaya, kapena ni wa ganyu."

Mawu amenewo ndi amene anathyola ndodo. Amake Isaac analowa m'kagolosale, kutapa ufa wodzaza manja awiri, n'kudutsa pakati pa anthu. Anthu ataona ufawo anayamba kuseka asanamve kanthu, poti ankadziwa kuti mbuya wafika. Anawapatsa njira mpaka kutsogolo.

"Imwe bana ba sukulu, mverani!" anakuwa. "Ine uyu mwana namuona kuchokera ali ku mabele. Akuti vinthu vizichitika poyera? Mufunseni malo ya ku hositelo anayapeza bwanji! Ba malume bake, ba Chisala, basebenza ku maofesi. Mwana wanga anapasa kupambana uyu, koma ayenda na mendo. Mubemba ni Mubemba, mwamupatsa makiyi, mwagona panja!"

Atatero anamwaza ufa uja pa jekete, wina pamutu pa Bana Mwango. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Bana Mwango anavina ali mbuu, akukuwa kuti, "Chokani apa, mudya mbeba!" Mwango naye anaseka, ngakhale kuseka kwake kunachedwa pang'ono. Amake Isaac anabwerera ku makina awo mtima uli myaa, ngati munthu amene wasanza chimene chinkamuvutitsa. Anali atanena za kumtima kwawo pamaso pa anthu onse, ndipo palibe akanawaimba mlandu. Chimbuya sichipita kukhoti.

Anaiwala chinthu chimodzi, kuti masiku ano pabwalo pamakhala mafoni. Mnyamata wina wa gulu la Mathews anajambula zonse. Anadula poyambira pomwe anthu ankaseka, anadulanso pothera pomwe ufa unamwazika. Chinatsala ndi mayi wachikulire, nkhope ili gwa, akunena kuti amamudziwa Mwango kuyambira ali khanda ndipo malo anawapeza kudzera kwa malume ake. Pofika Lamlungu madzulo, kavidiyoko kanali m'foni ya wophunzira aliyense, pansi pake atalemba kuti ngakhale oyandikana naye nyumba akumudziwa.

Lolemba Isaac anafika pakhonde la makina, n'kuika foni pamwamba pa nsalu imene mayi ake ankasoka. Mayiwo anaonera. Anadziona okha, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope imene nsanje inkavala.

"Ni chimbuya chabe," anatero mayiwo. "Bonse banaseka."

"Bonse banaseka, Mami. Imwe simunaseke. Nenze pafupi, ninamiona."

"Nanga ni boza? Malo anayapeza bwanji?"

Isaac anakhala pa benchi ya makasitomala. "Mwango alibe malo. Agona pansi mu chipinda cha munzake Chipo, pa katoni, pamodzi na benangu batatu. M'mawa babisa vofunda kuti ba woyang'anira basaone. Ndiye chifukwa afuna maina yazikhomedwa poyera."

"Si akambe tero kansi!"

"Akakamba, Chipo bamuchotsa mu hositelo. Azasankha kuluza."

Amake Isaac anasiya makina ali pakati pa msoko. Anapita kwa Bana Mwango, amene anawapeza akusankha salaula pakhomo. Anzawowo sanawatukwane, sanawathamangitse. Anangoitana Mwango pafoni, ndipo anagwirizana kuti ajambule kavidiyo kena. Amake Isaac anaima pafupi ndi Bana Mwango, atawagwira paphewa, n'kufotokoza kuti zonse zija zinali nthabwala za ambuya, kuti Mwango ndi mwana wolongosoka, kuti a Chisala ndi osesa chabe. Analankhula bwino, misozi ili m'maso. Koma ndani amatumizira anzake vidiyo ya mayi akupepesa? Bodza linali litakwera kale basi, choonadi chikumanga nsapato. Ochepa amene anaionera anati mayiyo amulipira.

Lachitatu ophunzira anavota, ndipo Mathews anawina. Mwango anabwera kunyumba Loweruka ali ndi jekete ija m'pepala, atachapa bwinobwino. Anapereka moni kwa Amake Isaac mwaulemu, n'kulowa kwawo.

Bungwe latsopano linayamba ndi dansi yolandirira atsogoleri. Za mayeso linati lidzaziona chaka chamawa, poti nkhani zotere zimafuna kufatsa. Mwango ndi anzake anayesa kupita okha kwa akuluakulu a sukulu, koma anauzidwa kuti pempho lotere limadzera ku bungwe, ndiwo mwambo wake. Amake Isaac anathamanga uku ndi uku. Anapita kwa abusa, anapita kwa azimayi a chilimba osonkherana ndalama aja, anafika mpaka ku komboni ya Chazanga kwa mlamu wawo amene anali asanalankhulane naye zaka zambiri. Anasoka mpaka maso kuchita chidima. Zimene anapeza sizinafike pamene lamulo linkafuna.

Isaac sanawakalipire, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka koposa. Akanakhala wolalata bwenzi atalalatirana n'kuthana nazo. Iye anangolongedza mabuku ake m'katoni, kuwakankhira pansi pa bedi, n'kuyamba kudzuka m'mamawa osanena kumene akupita.

Tsiku loyamba la mayeso, Amake Isaac anatsegula makina monga mwa masiku onse. Anaona ophunzira akudutsa mothamanga, mapepala m'manja, milomo ikuyenda. Anaweramira pa diresi ya mwana wa sukulu imene ankapinda m'munsi. Siteshoni ya minibasi ili pafupi ndi khonde lawo, ndipo phokoso la makondakitala analizolowera moti sankalimvanso. Koma m'mawa umenewo, pakati pa mahutala ndi kukuwa konse, khutu lawo linatola mawu amodzi. Anali mawu aulemu kwambiri pa ntchito imeneyo, mawu osazolowera kukuwa.

"Tauni! Tauni! Ba mayo, kwelani, malo yaliko!"

Phazi lawo linaima pa chopondera. Sanadzutse mutu. Mayi amene ankadikira diresiyo anasuzumira ku siteshoni, n'kuwagwira pamkono.

"Bamake Isaac, uja kondakita watsopano, si mwana wanu wa ku yunivesite?"

"Ni wanga," anayankha.