Kaliyala wa Njinga Yanga

Mzinda wa Blantyre anaumanga anthu odana ndi njinga. Izi ndikulumbira. Kuchokera kwathu ku Chirimba kukafika kuntchito ku Mandala ndi chitunda, ndipo pobwerera msewu womwewo umakhalanso chitunda. Ndafunsapo anthu ophunzira, palibe wandiyankha.

Ine ndinakulira kuchigwa, ku Chikwawa, kumene mlendo umamuona akubwera m'mawa, iwe n'kupha nkhuku, kuphika, kusesa pabwalo, iye asanafike. Njinga ndimaidziwa. Choncho a dokotala atandiuza kuti mimba yanga yayamba kulowa m'chipinda mwini wake asanafike, ndinalowa gulu la anzanga a ku ofesi opalasa njinga Loweruka lililonse. Njinga zawo n'zopepuka ngati supuni. Yanga ndi yakuda ija, ya kaliyala wowotcherera, woti mwana wa ng'ombe atha kukhalapo bwinobwino.

Pa chitunda chilichonse ankandidikira. Tsiku lina ku Mpingwe anandidikira mpaka mmodzi anamera ndevu. Mkulu wa gululo, bambo woonda wa kabudula wothina, anandiitanira pambali.

"Achimwene, timakukondani, koma tatopa. Inu mumati vuto ndi mapiri. Loweruka tikweza njinga pagalimoto mpaka ku Thabwa, tikapalase kuchigwa kwanu komweko, kukafika ku Nchalo n'kubwerera. Mukakatsalanso kumeneko, tisiyane mwamtendere."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinalakwa chimodzi chokha: ndinauza mayi a kunyumba tili pakhonde, mokweza.

Mu Chirimba anthu a kuchigwa tilimo ambiri, ndipo makutu athu amaboola mpanda wa njerwa. Loweruka m'mawa ndinapeza mzere pageti. Kwathu munthu wopita kumudzi sakana zotumiza. Ukakana, pamaliro pako padzabwera ndani? Ndinayesa kufotokozera mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene anali patsogolo ndi jumbo.

"Sindikupita kumudzi, mayi. Ndikungokapalasa."

"Kupalasa kupita kuti?"

"Ku Nchalo."

"Kukatani?"

"Kukabwerera."

Anandiyang'ana ngati malungo andikwera kumutu, n'kumangirira jumbo lawo pakaliyala. "Mukapatse achemwali anga. Ndi pamsewu pomwepo."

Ndinanyamuka ndi sopo, mafuta ophikira, nsapato za sukulu, wailesi yomwe anakonzetsa ku Limbe, ndi shuga. Shuga, kupita naye kumene amalima nzimbe.

Titatsitsa njinga ku Thabwa, msewu unayalika ngati mphasa. Mlatho wa Shire ndinauoloka ndili patsogolo pa onse, katundu ali pomwepo, mphepo yotentha ikundiwomba kumaso, mapira ndi thonje uku ndi uku. Mkulu uja ankapuma ngati mvuu kumbuyo kwangaku. Mphindi zimenezo sindidzaziiwala. Zinalipo mwina khumi.

Kenaka tinafika pokhotera kwa achemwali aja, ndipo ndinauza anzanga kuti atsogole, ndiwapeza. Ndinali nditaiwala kuti kwathu akati pamsewu pomwepo amatanthauza pamene lole imamvekera chapatali, mphepo ikalozera komweko. Ndinaiwalanso kuti chotumizidwa sapereka chiimire. Umakhala pampando, akufunse za ana mmodzimmodzi, za ntchito, za mvula ya m'tauni, umwe thobwa. Makomo anali asanu, thobwa makapu asanu. Ndipo mlendo sabwerera chimanjamanja. Pochoka pakhomo lomaliza, pakaliyala panali mpunga, mbatata, nsomba zouma, ndi bakha wamoyo woti ndikapatse mayi a jumbo aja.

Nditatulukira patala, anzanga anali akubwerera kale, Nchalo atamuona. Anandidutsa mmodzimmodzi, nkhope zili kutsogolo. Mkulu uja anachepetsa liwiro n'kuyang'ana bakha, bakha naye n'kumuyang'ana.

"Achimwene, tinapangana."

Ndisanayankhe, mayi wina wa mwana kumsana anandikodola, poyesa ndine wakabaza, n'kufunsa ngati pamwamba pa mpunga pangakhale malo.

Pobwerera m'galimoto palibe anayankhula kupatula bakha. Lolemba anandichotsa pa gulu lawo la pafoni.

Sabata yomweyo ndinapita ku Limbe kwa wowotcherera zitsulo, ndinati adule kaliyala yense, asasiye ngakhale pomangirira chingwe. Anandifunsa kawiri ngati ndili bwino. Ndinakonza zokapalasa ndekha kuchigwa, ine ndi msewu basi, osauza munthu, ngakhale mayi a kunyumba.

Loweruka m'mawa, pageti ndinapeza mayi oyandikana nafe aja. Anayang'ana pamene panali kaliyala, anapukusa mutu mondimvera chisoni, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi chikwama cha kumsana, chodzaza kale.

"Achemwali akuti bakha uja ndi wamwamuna. Mukatengeko wamkazi."